Lichero la Malume Lafika ku Indianapolis

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka sikisi koloko m'mawa, ine ndi mwana wanga Tadala, m'thumba la jekete ndili ndi kabotolo ka mafuta odzozera. Amayi a kumpingo anali atayamba kunong'onezana kuti mwana wa mkulu wa mpingo akuombeza ula ndi timadayisi. Ndinawalonjeza kuti ndikakapeza zausatana kumsonkhano wa masewera a madayisiwo ku Indianapolis, kope lomwe Tadala analembamo masewera ake kwa zaka ziwiri ndidzaliotcha ndekha. Iye ankadziwa, ndipo analifumbata njira yonse.

Pa msewu wa 31 mumangoona chimanga mbali zonse, mwini wake osaoneka. Ku Kokomo tinathira petulo wa madola 25. Mayi wa pakauntala atamva komwe tikupita, anafunsa kuti ineyo ndavala ngati ndani, poti anthu amapitako atavala ngati a m'nthano.

"Ndine mkulu wa mpingo," ndinatero.

Anati suti yandikhala, ndafanana naye kwambiri.

Cha m'ma naini tinali m'tauni, pakingi madola 20. Muholo munadzaza anthu akuluakulu, ena a imvi, atavala nyanga ndi malupanga apulasitiki. Ndinagwira kabotolo kanga. Bambo wina wogulitsa mabuku anandifotokozera mofatsa kuti zonsezi zinachokera m'nthano zakale za ku Ulaya, za zinjoka zolavula moto ndi tianthu ta m'mapanga. Aphunzitsi ena anazilemba m'mabuku, kenako anthu oseweretsa tiasilikali patebulo anaziikira malamulo ndi madayisi. Ndinamva kansanje. Zoopsa za makolo awo amaziika m'bokosi n'kumagulitsa, pomwe ife zathu timazisalira kudya.

Masana Tadala anakhala patebulo ndi azungu asanu, natsegula kope lija. Iye amafotokoza nkhani, iwo n'kumasankha zochita, dayisi n'kumaweruza. Ndinaima kumbuyo kwake ngati wapolisi. Anayamba kunena za mkulu wina wa diso limodzi yemwe amauluka pa lichero kuchoka ku Ntcheu kukagula buledi ku Joni.

Anali malume anga. Nkhani zomwe ndinkasimba pakudya, ndikuganiza kuti mwanayu ali pafoni, zinali zonse m'kopemo, ngakhale kakhosomoledwe kawo.

Mzungu wina anafunsa ngati angakwere licherolo dzuwa likuswa mtengo. Tadala anavomera. Apa mtima unandikana.

"Masana ayi," ndinalowerera. "Komanso sukwera utavala. Ukadutsa pamwamba pa nyumba yotsirika, umagwa, anthu n'kukupeza m'mawa uli mbulanda."

Onse asanu analemba. Mmodzi, dokotala wa mano, anafunsa kuti zimenezi zili m'buku liti. Tadala anandiloza ine. Ndinakhala pansi, ndipo ndinaphunzitsa ufiti maola awiri, mafuta odzozera ali m'thumba.

Tinadya mpunga wa mbuzi pa Lafayette Road, n'kuuyamba wobwerera. Titadutsa Kokomo, Tadala, yemwe amandiyankha m'Chingerezi chibadwire, analankhula Chichewa chopindika.

"Adadi, muotcha?"

Ankanena kope lija. Malume anamwalira ine ndili kuno, kumaliro awo sindinapite, ndipo kopelo ndi malo okhawo ku Amereka komwe akadali moyo.

"Malume saotchedwa," ndinatero.

Lamulungu amayi aja anandizinga pakhomo la tchalitchi, kufunsa ngati gwero la zinthuzi ndalipeza. Ndinati ndalipeza, ndipo ndi lomwe liwerenge Mawu lero. Kenako ndinalowa ndi Baibulo langa kukawerenga.