Ndinawotcha dimba la apongozi ndi madzi a m'dziwe

Inu owerenga, ine ndinalakwira munthu amene sanandilakwirepo n'kamodzi komwe, ndipo munthuyo ndi apongozi anga, mayi wobereka mkazi wanga. Kulakwa kwenikweniko kunanditengera masana amodzi okha. Koma ndinakhala chete miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zimenezi ndiye zimandiwawa mpaka lero.

Ntchito yanga ndi ya zamagetsi. Ndimakhala chikamwini m'mudzi wina kumunsi kwa nkhalango ya Chongoni. Apongozi angawo, a Nabanda, ndi anthu achikale pa nkhani ya ulemu. Chikwatirireni ine, sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira iwo ankapatukira uku, ine uko, moni n'kumapatsana chapatali, nkhope zili kumbali. Uthenga uliwonse unkadzera mwa mkazi wanga, Esinta. Musaganize kuti panali chidani ayi. Mpiru woyamba kuthyoledwa m'dimba mwawo unkafikira pakhomo panga, iwo asanalawe n'komwe.

Dimbalo ankalima ndi amuna awo. Bambowo ndiwo ankafesa nazale, mayi n'kumawokera ndi kuthirira, zaka zonsezi. Chaka chimene ndikunenachi bambo anali atatisiya, ndiye mayi anafesa okha koyamba: tomato, kabichi ndi anyezi. Esinta ankabwera kunyumba akuseka, kuti amayi akumalawirira kudambo kukavundukula udzu panazale, n'kumalankhula ndi mbandezo ngati akudzutsa ana opita kusukulu. Tonse tinaona kuti dimbalo ndilo likuwachotsa pamaliro.

Kumtunda kwa mudzi wathu kuli loji, ndipo palojipo pali dziwe losambiramo. Ife tinkaseka kuti ndani angalowe m'madzi ndi kuzizira kwa Dedza kuno, koma alendo amalowamo ndithu. Mu Okutobala mwini loji anandiitana. Ankafuna mababu anayi owala pansi pa madzi, ndipo ankawafuna lisanafike Loweruka chifukwa panali phwando laukwati. Ndinavomera ndisanamve n'komwe zonse. Ntchito yotere ndinali ndisanaigwirepo, ndipo ndinkafuna anthu azinena kuti amene waika mababuwo ndi wakwathu konkuno.

Kuti uike mababu amenewa umayenera kuchotsa madzi, kuboola khoma la dziwe, kulowetsa mawaya, n'kumata bwinobwino kuti pasadonthe. Mawayawo amadzera pa thiransifoma yochepetsa mphamvu kuti wosambira asagwidwe ndi magetsi. Zonsezi ndinazichita mosamala ngati ndikusamutsa mazira. Pa zamagetsi sindinalakwitse kalikonse.

Ndinalakwitsa pa madzi. Bambo wina wachikulire amene amasamala dziwelo anandichenjeza. Anati madzi anali atabiriwira, ndiye dzulo lake anathiramo mankhwala a klorini ambiri zedi. Anandiuza kuti ndidikire masiku angapo mphamvu ya mankhwala ithe, kenaka ndiwatulutsire pang'onopang'ono m'dzenje la kuseri. Limeneli linali Lachiwiri. Ndinawerenga masiku ndi zala: kuboola, kumata, kudikira kuti paume, kudzazanso dziwe. Sizinkatheka. Ndinamuyankha mwachipongwe kuti madzi ndi madzi basi, achimwene. Atangotembenuka, ndinakokera paipi m'ngalande n'kuyatsa pampu.

Ndisakunamizeni, ndinkadziwa kumene ngalandeyo imathera. Imatsetsereka ndi phiri n'kukalowa m'dambo, ndipo chitsime choyamba kukumana nacho ndi cha m'dimba la apongozi. Ndinadzinyenga ndekha kuti mwina ndikuwathandiza, poti nthawi imeneyo zitsime zimakhala zitaphwa.

Mawa lake nditaweruka, Esinta anandichingamira ndi nkhani yabwino. Anati chitsime cha amayi, chimene ankachita kukokota ndi chipande, achipeza chitadzaza mpaka pakamwa. Amayi anagwada pompo n'kuthokoza Mulungu, kenaka anathirira dimba lonse kawiri, m'mawa ndi madzulo. Kafungo kachilendo anakamva, koma ndani angakayikire madzi mu Okutobala? Apo mpata unalipobe. Ndikanathamangira kudambo, tikanakapa chitsimecho, mwina kabichi yekha akanapulumuka. Ine ndinangoti zikomo kwambiri, n'kupempha madzi osamba.

Loweruka mababu anayaka, dziwe lonse ngwee, anthu a paukwati n'kumaomba m'manja. Mwini loji anandigwira chanza pamaso pa alendo. Lamulungu tikuchokera ku Misa, Esinta anadzera kudimba n'kubwerako nkhope itagwa. Nazale yonse inali itagona. Tomato wowokera kale anapsa masamba ngati wadutsa moto.

Anthu anayamba zonena, kuti pali wina wansanje wathira zinthu. Mayi anawaletsa. Anati asanamiziridwe munthu, wolakwa ndi iwo eni, mwina anachulutsa feteleza, mwina anafesa mosayenera. Anauza mwana wawo kuti, “Bambo ako anapita nalo dzanja lawo. Ine ndinkangodziwa kunyamula keni.”

Keni yothirirayo anaipachika m'khitchini ndipo sanaitsitsenso. Munthu amene dzuwa silinkamupeza pakhomo anayamba kumangokhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Anaonda, inu. Ine ndinkadutsa chapatali monga mwa masiku onse, n'kumadziuza kuti mkamwini salankhula ndi apongozi, ndiwauza bwanji? Ulemu umene anandiphunzitsa makolo ndinausandutsa pobisalira. Ngakhale Esinta, amene ndimagona naye nyumba imodzi, sindinamuuze.

Mvula itayamba kukata, mayi anaitanitsa abale. Pamaso pa onse anapereka dimba lija kwa mwana wa mng'ono wawo, kuti malo a malemu asagonere m'manja mwa munthu wosatha ntchito. Ine ndinalipo. Ndinakhala kumbali pansi pa mtengo wa pichesi, ndikutokosa dothi ndi kamtengo, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Chimene chinandithyola ndi kachitini. Patapita milungu ingapo Esinta anabwera nako atakakulunga pansalu. Munali njere za tomato zimene malemu ankasankha okha ndi kuyanika. Uthenga wa mayi unali woti njerezo azisunge bambo a kunyumbako, poti manja awo ndi odala, ngakhale kuloji akuwatama. Ndinakalandira kachitiniko. Ndinalira ngati mwana, ndipo ndinamuuza Esinta zonse.

Masiku awiri sanandilankhule. Tsiku lachitatu anaima pakhomo n'kunena kuti, “Mauthenga anu onse ndanyamula zaka zisanu ndi zitatu. Uwu wokha mukatula nokha.”

Ndinapita m'mawa. Mayi anali kuseri kwa khitchini akusola nyemba. Ndinagwada mbali ino ya khoma, iwo ali mbali inayo, ndipo ndinayamba kulankhula ndi khomalo. Ndinanena za klorini, za paipi, za bambo uja anandichenjeza, ndi kuti ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba. Nditamaliza, nyemba zinasiya kugwera m'lichero.

Kenaka ndinamva mapazi. Anazungulira khoma n'kudzaima patsogolo panga, koyamba chikwatirireni ine, ndipo anandiyang'ana kumaso. Ndinkadikira kutukwanidwa, ndipo kunali kondiyenera. Iwo anangofunsa motsitsa mawu kuti, “Ndiye kuti si manja angawa?”

Ndinati si manja anu, mayi, ndi ine.

Anawayang'ana manjawo nthawi yaitali, kuwatembenuza uku ndi uku, misozi ikutsika. Anati usiku ndi usana akhala akupepesa kwa amuna awo kuti awaonongera dimba. Kenaka anandigwira paphewa n'kunditcha mwana wawo. Anati, “Za tomato ndakukhululukirani, tomato amafa chaka chilichonse. Koma mwananga, mukanabwera mwezi wathawu.”

Ndinapita kwa m'bale wa Esinta uja kukachonderera kuti abweze dimba. Iye sanakane, koma mayi ndiwo anakana. Anati anapereka pamaso pa abale, mwanayo wagaula kale ndipo wabzala, sangamulande ngati kuti ankachita masewera. Lero mayi ali ndi timabedi titatu kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimawatungira madzi kumjigo, ndipo timacheza pamphasa imodzi. Mbewu zawo zimakondwa kuposa za wina aliyense m'mudzi muno. Koma akamapita kuchigayo salondola njira ya kudambo, ngakhale ndiyo yachidule. Amazungulira kumsewu, ndi thumba pamutu, kuti asaone malo aja.

Anzanga a ntchito zamanja, musanatsegule paipi iliyonse yambani mwayenda ndi mapazi anu kukaona kumene madziwo akathere, ndipo wachikulire wa pamalopo akakuuzani kuti dikirani, dikirani. Phwando la eni ake lisakuthamangitseni. Koma inu owerenga nonse, chachikulu n'chakuti mukalakwa, kanene tsiku lomwelo, ngakhale ndi kwa munthu amene mumamuopa kumuyang'ana kumaso. Wina akhoza kukhala akudziimba mlandu umene uli wanu. Ine ndinakhululukidwa, koma dimba la apongozi anga sindinathe kuwabwezera.