Makaseti a atate pansi pa malata

Inu owerenga, ine amene ndimanenerera mtengo wa mbuzi ku Bundabunda mpaka mwini wake kundithokoza ngati ndamuchitira chifundo, ndinagwa pa malonda omwe sanali malonda n'komwe.

Malemu atate anga ankajambula pa kaseti chilichonse chowakomera pa wailesi: nyimbo za kwathu za Chisoli, makwaya, ngakhale pologalamu yomwe anawafunsa iwo eni za ulimi wa thonje. Atamwalira, katoni ya makaseti inatsala ndi ine.

Kenaka kunabwera mayi wina wa gulu losunga mawu akale. Anati amabwereka makaseti, kuwalowetsa mu kompyuta kuti aliyense azimvera, n'kubweza.

"Mupereka zingati?" ndinamufunsa.

"Sitigula, bamudala, tibwereka chabe."

Ndinaseka chamumtima. Wogula wochenjera amayamba ndi kupeputsa katundu, nyimbo imeneyo ndi yanga. Katoni ndinaikweza pamtanda, pansi penipeni pa malata, kuti mayiyo amve ludzu. Akabwera ndinkangoti, "Nikali kuganiza." Dzuwa la Okutobala linawotcha, mvula inadontha, wogula wanga osakweza mtengo.

Mlongo wanga atadwala, anapempha kumvako mawu a atate. Ndinatsitsa katoni. Makaseti anali atapindika, ena atachita nkhungu. Ya mawu a atate ija wailesi inaitafuna ine ndikuona.

Ndinakwera minibasi, katoni pamiyendo, kukamufuna mayi uja. Sananditonze. Iye ndi anzake anapukuta, kulumikiza, mpaka nyimbo zambiri zinapulumuka. Koma pa atate panangotsala kutsokomola ndi "zikomo kwambiri". Mlongo wanga anachira, ndipo kachidutswa komweko amakamvera pa foni mobwerezabwereza. Akandiyang'ana, ine ndimayang'ana nsapato.

Pakamwa pomwe panandipwetekapa ndinapapatsa ntchito ina. Masiku ano ndikapita kogula mbuzi, ndimabwerako ndi makaseti obwereka, kukawapereka kwa mayi uja. Mdala wokanitsitsa ndimamudziwa kutali, pajatu ndine mphunzitsi wake. Ndimakhala naye mpaka atsegule sutikesi. Sindidzitama, koma ana a ku Silverest akamamvera makwaya a agogo awo pa foni, ambiri mwa makasetiwo anabwera pa njinga yanga, pamodzi ndi mbuzi.

Inu amene muli ndi kaseti m'nyumba, itulutseni lero, a gulu lija aikopere ikadali ndi mawu. Munthu aliyense ndimatha kumunenerera, koma dzuwa ndi chinyontho sizinandichotsereko ngakhale pang'ono.