Mawu Awiri a Nachikasu

Ndamudziwa zaka khumi ndi chimodzi mayi amene pafakitale yocheka matabwa timamutcha Nachikasu. Ndiye amakonza masilaidi, zithunzi zija amaziwalitsa pakhoma pophunzitsa antchito atsopano za chitetezo.

Kale ankadzaza mawu ngati nyerere pa fupa. Lamulo loti munthu azimitse makina asanachotse thabwa lokakamira linali mmunsi, m'tizilembo tating'ono, pakati pa za nsapato ndi za nthawi yopuma. Mlamu wake atalembedwa ntchito, pophunzira nawo anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Posakhalitsa macheka anamudya zala ziwiri akuchotsa thabwa lokakamira osazimitsa makina.

Kuchipatala mlamuyo sanamudzudzule. Anangoti, "Alamu, pakhoma panu paja ine ndinkangoona utsi."

"Utsi watha," anatero Nachikasu. "Kuyambira lero, ngakhale wokhala pachitseko aziwerenga."

Anafufuta zonse n'kuyambiranso. Silaidi imodzi, uthenga umodzi. Kumbuyo kwakuda, zilembo zazikulu ngati chikhatho, ndipo mtundu wachikasu anausungira mawu awiri okha: ZIMITSANI MUSANAGWIRE. Dzina lake linachokera pamenepo.

Bwana wa fakitale ataona anakwinya nkhope. "Mayi, malo onsewa angokhala? Bwezeranimo malamulo onse. Chizindikiro cha kampani chikhalenso chachikasu."

"Bwana, anthu onse akamakuwa palibe amamveka. Malamulo enawo ali ndi masilaidi awo."

"Ndiye ntchitoyi ndipatse wina?"

Nachikasu sanabwerere m'mbuyo. Anaitana mlamu wake, amene tsopano amasesa utuchi, n'kumuimika pachitseko. Anawalitsa silaidi yakale, n'kuzimitsa.

"Mwawerengapo chiyani, alamu?"

"Ndangoona kuti mumatha kulemba."

Anawalitsa yatsopano, kuphethira kamodzi, n'kuzimitsa.

"Zimitsani musanagwire," anatero mlamuyo, akukweza dzanja lake lotsala ndi zala zitatu. "Ikanabwera kale imeneyi, bwenzi ndikukupatsani moni wathunthu."

Bwana anapita yekha kukaima pachitseko, nati aziwalitsenso zonse ziwiri. Anayang'ana khoma, anayang'ana dzanja lija.

"Chizindikirocho chiikeni pakona," anatero. "Chaching'ono."

Ine sindiyamikira munthu pachabe. Nachikasu ndi wouma mutu, ndipo akakwiya sapereka moni. Koma mpaka lero silaidi iliyonse yatsopano imayamba yayesedwa pachitseko. Mlamu akalephera kuinena, Nachikasu amachotsa mawu, amakulitsa otsalawo, n'kumuitananso. Lonjezo la kuchipatala lija akulisungabe, ndipo macheka aja sanalawenso chala cha munthu.