Chingwe Chofiira cha a Fabiyano

Ntchito yanga yoyamba sindinaiyendere ndi mapazi anga, anandipezera ndi amalume. Amalume anga a Sitefano anali mlimi wamkulu wa kachewere kwathu ku Domwe, ndipo ndiwo ankadyetsa sukulu ina ya mishoni yosula aphunzitsi a m'midzi. Tsiku lina, akutsitsa matumba kukhitchini, anamva kuti mlembi wa pasukulupo wasiya ntchito. Madzulo ake anandiuza kuti ndichape malaya. Umu munali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndikudzitenga ngati munthu wophunzira kwambiri chifukwa ndinkalemba Chipwitikizi chosakhota.

Ofesi yake tinkaitcha sekeretariya. Munali tebulo, kabati, makina olembera okhala pa kansalu kokhuthala kuti asamayende, mapepala a kaboni, chidindo chomwe tinkati karimbu, ndi mipukutu iwiri ya zingwe, woyera ndi wofiira. Mkulu wa sukulu anali Padiri wina wachizungu wa ndevu za imvi, wolankhula Chinyanja ngati wobadwira ku Ulongwe. Dzina lake sindilitchula, pakuti iye sanalakwe kanthu m'nkhaniyi.

Aliyense wofuna malo ankabweretsa mapepala atatu: kalata ya ubatizo, setifiketi yoti anamaliza kalasi yachinayi, ndi atesitadu. Atesitadu inali kalata yochokera kwa shefu wa poshitu, mkulu wa boma m'deralo, yonena za khalidwe la munthu, ndipo ngati anamangidwapo inkanena poyera. Ine ndinkachonga mapepalawo m'buku lalikulu, nkuwaika m'chikwama cha pepala lolimba, nkumanga. Atesitadu ikakhala yoyera, chingwe choyera. Ikakhala ndi mlandu, chingwe chofiira.

Anthu ambiri ankaganiza kuti chingwe chofiira ndiye kuti kwatha. Sizinali choncho. Zikwama zoyera Padiri sankazitsegula n'komwe, ankangosaina mndandanda umene ine ndalemba. Koma zofiira ankaziwerenga yekha, kenaka nkuitana mwini wake pamodzi ndi mboni imodzi ya kumudzi kwawo. Ankakhala pansi iye ndi aphunzitsi awiri, nkufunsa mafunso atatu okha: unachita chiyani, unali ndi yani, ndipo chitulukireni wachita zotani. Tsiku langa loyamba anandiuza kuti, "Domingo, pepala limanena zimene munthu anachita dzana. Za lero ndimafuna ndimve pakamwa pake."

Chaka choyamba chinayenda bwino. M'chaka chachiwiri, m'mawa wina wa mwezi wolandira mapepala, ndinakweza mutu nkuona a Fabiyano aima pakhomo, chipewa chili m'manja.

A Fabiyano anali a m'mudzi mwathu, ondiposa zaka zinayi. Ndiwo anandiphunzitsa kugawa masamu ndi timitengo pansi pa mtengo wa pichesi, aphunzitsi athu atandilephera. Atamaliza sukulu anasowa chochita, nkuyamba kuyendetsa ngolo ya amalume. Tsiku lina asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, anawagwira pafupi ndi malire a pa Kalomwe akuwolotsa kachewere kupita ku Dedza popanda chilolezo. Anawamenya m'manja mpaka kutupa kuti atchule mwini katundu, iwo nkumangoti ndi wanga. Anagwira ukaidi miyezi isanu ndi itatu akuphwanya miyala pamsewu. Mudzi wonse unkadziwa kuti matumbawo anali a amalume, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, palibe anatsegula pakamwa.

Anandipatsa mapepala awo atatu ndi manja awiri, ine mwana wa dzulo. Ndinawafotokozera za chingwe chofiira ndi mafunso atatu aja. Anamwetulira.

"Ndinamva kale, achimwene. A Lukasi akatekisita avomera kudzandiimira. Kwa asipayi ndinanama, koma kwa a Padiri sindinama ayi. Ndikanena zonse mmene zinayendera."

Atatuluka, ndinakumbukira funso lachiwiri lija. Unali ndi yani. Mmodzi wa aphunzitsi okhala pa zokambiranazo ankamwera limodzi ndi alembi a ku poshitu. M'maganizo ndinaona amalume atamangidwa, ngolo yawo italandidwa, ine ndikubwerera kumudzi kukapalira mbatata ndi malaya anga oyera. Ndinene zoona, chakumapetocho ndicho chinandiopsa kwambiri.

Ndinatulutsa atesitadu ya a Fabiyano, nkuipinda kawiri, nkuilowetsa pansi pa kansalu ka makina olembera. M'buku ndinachonga kuti mapepala onse atatu alipo. Chikwama ndinamanga ndi chingwe choyera. Ndipo mtima wa munthu ndi wochenjera, pofika masana ndinali nditadzikhutiritsa kale kuti ndawachitira chifundo, ndawapulumutsa ku manyazi oulula za ndende pamaso pa anthu.

Pa tsiku la zokambirana a Fabiyano anafika ndi a Lukasi, mkulu wa miyendo yotupa amene anayenda wapansi mtunda wonsewo kuchokera ku Domwe. Ndinawachingamira pakhonde asanagogode kwa Padiri.

"A Padiri aona mapepala anu," ndinatero. "Akuti palibe chifukwa chokuvutitsani ndi mafunso. Mwalandiridwa."

A Lukasi anawomba m'manja, nkundigwira pamutu. "Mwana iwe, Mulungu akusunge pampando pomwepo. Taona, Fabiyano, kukhala ndi wako mu ofesi!" Ndinaseka nawo. Anabwerera tsiku lomwelo osamwa ngakhale madzi, chifukwa ndinkafuna achoke msanga.

A Fabiyano anaphunzira miyezi inayi, ndipo anali patsogolo pa anzawo onse. Ankati akapatsidwa ana a sukulu yapafupi kuti ayeserere kuphunzitsa, aphunzitsi enieni ankaima pawindo kumvetsera. Akandipeza panjira ankandithokoza, ine nkumayankha ndikuyang'ana kumbali.

Koma mlandu suola. Lamulo linali loti mndandanda wa ophunzira uzitumizidwa ku poshitu kukadindidwa. Kumeneko wina anakumbukira dzinalo, ndipo kunabwera kalata yofunsa ngati mishoni ikudziwa kuti ikusunga munthu womangidwapo. Linali Lachitatu m'mawa, kunja kuli chifunga. Padiri analowa mu sekeretariya kalatayo ili m'manja.

"Ndipatse chikwama cha Fabiyano."

Anamasula chingwe choyera, nkuwerenga mapepala. Awiri. Anatsegula buku nkuona pomwe ndinachonga.

"Domingo, atesitadu ili kuti?"

Inali pamenepo, pansi pa makina, chigongono changa chitatsala pang'ono kuigunda. Ndikanangotukula kansalu. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Sanabweretse, a Padiri. Anati abweretsa sabata yotsatira, ine ndinachonga powakhulupirira. Kenaka ndinaiwala."

Anatumiza uthenga kukalasi. A Fabiyano analowa choko chili mbuu m'manja, akuganiza kuti mwina ndi za mabuku. Padiri anawawerengera kalata ya ku poshitu, nkuwauza zimene ine ndanena.

"Kodi ndi zoona?"

A Fabiyano anatembenuka nkundiyang'ana. Sanakwiye, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Anandiyang'ana monga ankachitira kale pansi pa mtengo wa pichesi ndikalakwitsa samu, kudikira kuti ndikonze ndekha. Ine ndinayang'ana mabatani a makina. Anali ndi mboni yoti akanaitchula, a Lukasi, amene anamva bodza langa pakhonde ndi makutu awo. A Fabiyano anapukuta choko pa buluku.

"Ndi mmene wanenera Domingo, a Padiri."

Padiri anakhala pansi ngati munthu wotopa. "M'kalasi mwakomo muli awiri amene anabwera ndi chingwe chofiira. Wina anaba mbuzi, wina anavulaza mnzake kumowa. Ndinawatenga chifukwa anakhala apa nkundiuza okha. Za kachewere wako ndikanawayankha a ku poshitu ndi mzere umodzi. Koma tsopano ndiwauza chiyani, kuti sindinkadziwa? Sindikukuchotsa chifukwa cha ndende, Fabiyano. Munthu wobisa sindingamupatse ana a anthu."

Kalata yowachotsa ndinalemba ndine. Ndinalowetsa mapepala awiri ndi kaboni pakati, nkumenya mabatani, makina akugunda pamwamba pa atesitadu yomwe ndinati kulibe. Ndinadinda karimbu. Ine Padiri anangondidzudzula kuti ndisamachonge chinthu chomwe sindinachione, basi. Masana ndinawaona pawindo a Fabiyano akutuluka pageti, kabokosi kawo ka chitsulo kali pamutu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichoke, ndipo ndikulemba pano akundiotchabe kumaso.

A Fabiyano kumudzi sanakhalitse. Anthu ankati mishoni yawathamangitsa chifukwa cha bodza, ndipo a Lukasi anamwalira osandipatsanso moni. Amalume nditawauza zomwe ndinachita anangoti, "Wakula tsopano," nkundipatsa nkhuku. Ndinaidya.

Ndinamuululira Padiri patapita zaka zinayi, atayamba kulongedza katundu wobwerera kwawo. Ndinatulutsa atesitadu ija nkuiika patebulo. Anaiwerenga nthawi yaitali, kenaka nkundibwezera. "Si ine woyenera kulandira pepalali."

Chaka cha ufulu, Apwitikizi atachoka, a Fabiyano ndinawapeza pa Kalomwe. Ankakankha njinga yonyamula matumba atatu a chimanga cha wamalonda wina, msana utapindika, tsitsi litayamba kuyera. Ndinawaitana, nkuvula chipewa, nkuwapatsa pepalalo. Anaimika njinga pamwala, nkulitambasula, nkuliwerenga mokweza m'Chipwitikizi chabwino kuposa changa.

"Unalisunga bwino," anatero.

"Bwanji simunanene tsiku lija, achimwene?"

"Ndinkadikira iwe. Nditaona kuti sutero, ndinati atuluke mmodzi m'malo mwa awiri." Analipinda nkuika m'thumba la malaya. "Koma ndikuuze, Domingo. Kwa asipayi ndinakhala chete mofuna ndekha, ndipo sindidandaula. Chimene chimandipweteka ndi pakhonde paja. Ndinabwera kudzalankhula, ndinali nditakonza mawu anga sabata yathunthu. Iwe unandibweza."

Mwini chimanga anakuwa kuti dzuwa likupita. A Fabiyano anagwira njinga yawo nkupitirira cha ku Dedza.

Ndagwira ntchito yolandira ophunzira zaka zambiri pambuyo pake, m'masukulu osiyanasiyana, zingwe zija zitasiyidwa kale. Ndaona mapepala a anthu omangidwapo ochuluka, ena anatengedwa, ena anakanidwa, ndipo si ine ndinkagamula. Changa chinali chimodzi. Pepala lotere likafika patebulo langa ndinkaliika pamwamba pa onse, nkulemba tsiku loti mwini wake abwere. Akafika ndinkamutsegulira chitseko ndekha, ndipo sindinkachoka pakhonde mpaka nditamva kuti wayamba kulankhula.