Funso limene ndinawafunsa amalume

M'chaka chathu chachiwiri ku South Bend ndinkalemba m'kope langa tsiku lililonse, ndipo masamba a mwezi wa Epulo anadzaza ndi nkhani imodzi: kodi amalume alola?

Kusukulu tinkawerenga za Agiriki akale. Amene anandigwira mtima ndi mkulu wina wa ku Atene, amene ankayendayenda pamsika n'kumafunsa anthu kuti chilungamo n'chiyani, kulimba mtima n'chiyani. Munthu akayankha, iye ankafunsanso, mpaka yankho lija litang'ambika ngati chitenje chakutha. Aphunzitsi anandiuza kuti pa holide yaikulu ku Indianapolis kudzakhala maphunziro a Chilatini ndi nzeru za Agiriki, ndipo anali atandipezera malo. Chotsala chinali pogona. Amalume, omwe ndi nesi, amakhala ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, ndipo kwathu nkhani ya mwana wa mlongo siitha popanda iwo.

"Tipita Loweruka," anatero amayi. "Ndikawauza ndekha. Iwe ukangokhala bwinobwino."

Sabata yomweyo tinapatsidwa homuweki: kufunsa munthu wamkulu funso limodzi mwa njira ya mkulu wa ku Atene uja, osakhutira ndi yankho loyamba. Ndinaona ngati mwayi. Amalume akamva zimene ndikuphunzira, alola okha.

Ulendo wonse amayi akuyendetsa galimoto, ine ndinkangosinthasintha mafunso m'kope, minda yosadzalidwa ikudutsa pawindo. Titafika tinapeza alendo, akuluakulu awiri a kumpingo. Titatha kudya ndinatenga kope, n'kukagwada pafupi ndi mpando wa amalume monga ndinaphunzitsidwira.

"Amalume, ulemu n'chiyani?"

Anaseka. "Achemwali, mwandibweretsera loya lero? Ulemu ndi kumvera akulu, iwe."

"Nanga wamkuluyo akalakwitsa?"

"Umamverabe. Zokonza zimabwera pambuyo, mwakachetechete."

"Koma inu munatiuza kuti tsiku lina dokotala atalemba mankhwala olakwika, munakana kum'patsa wodwala. Dokotala uja ndi wamkulu kwa inu."

Mmodzi wa alendo aja anatsokomola. "Ana a kuno awa," anatero, akuyang'ana mnzake. "Mwini mbumba ali pakhoti."

Pamenepo ndikanasiya. Koma ndinali nditasangalala kwambiri, chifukwa zinkayenda ndendende ngati m'buku.

"Ndiye pali ziwiri, amalume. Mwina ulemu si kumvera, apo ayi tsiku limenelo inuyo munalibe ulemu."

Amalume anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Akazi awo anandiitana kuchokera kukhitchini: "Tabwera kuno udzatsuke mbale." Za maphunziro anga amayi sanazitchule n'komwe.

Pobwerera, titatuluka mumzinda, amayi anayamba kundidzudzula.

"Maondo anali pansi, eya," anatero. "Koma pakamwa pakopo panali poimirira. Pamaso pa alendo! Bwanji sunayambe wanena kuti ndi za kusukulu?"

Ndinali nditaiwala. Ndinalira mpaka pomwetsera mafuta.

Milungu iwiri yotsatira sindinakhazikike. Ndinkati ndikatsegula buku, ndatseka. Ndikakhala pansi, ndadzuka. Foni ya amayi ikalira ndinkathamangira kukaona woimba. Aphunzitsi anandifunsa kawiri za fomu ya maphunziro aja yoti amayi asaine, nandikumbutsa kuti ikufunika Lachisanu, apo ayi malo apatsidwa kwa wina. Ndinalemba makalata anayi opepesa, koma amayi anati kupepesa kwa malume sikuyenda pa pepala, kumadutsa mwa iwo, ndipo iwo anapepesa kale. M'kope ndinalemba kuti Agiriki andiwonongera moyo. M'mawa mwake ndinafufuta, chifukwa sizinali zoona.

Lachitatu madzulo, ndikusenda mbatata, amayi anandipatsa foni. "Amalume ako."

Ndinapukuta manja pa siketi. "Muli bwanji, amalume? Pepani kwambiri."

"Zimenezo mayi ako anatha kale. Tamvera. Dokotala uja sindinam'chite mwano. Ndinam'tengera pambali, palibe anamva. Ndinam'kanira, koma sindinam'vule pagulu. Wamva kusiyana kwake?"

"Ndamva."

"Wangomva? Ulibe funso?"

Ndinayang'ana amayi. Anapukusa mutu mwamphamvu. Koma funso linali litafika kale pakhosi.

"Nanga kukanakhala kuti palibe nthawi yom'tengera pambali?"

Ndinamva phokoso la kuchipatala kumbuyo kwa amalume, wina akuitana pa chimkuzamawu.

"Mwana iwe, wandisowetsa mtendere milungu iwiri," anatero. "Limenelo ndilibe yankho lake panopa. Chipinda chilipo. Uwauze amayi ako asaine, tidzakambirana ukabwera. Koma kukabwera alendo, iwe ndi Agiriki akowo kukhitchini."