Maluwa a Abiti Saidi Ankadyedwa

Ayi, Asiyatu, sindikudana ndi maluwa ine. Lemba choncho, bambo ako ku Joniko amve bwino, asamati mayi akalamba. Munthu amene amutuma uja wasiya mbande zake pakhonde, akuti mawa abwera ndi khasu azule zanga adzale zakezo. Chichokereni iye mtima wanga suli m'malo.

Uwauze kuti ine ndinakulira ku Malindi, kwa agogo anga Abiti Saidi. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la nsomba zowamba litasakanikirana ndi la dothi lonyowa, poti m'mawa uliwonse tinkasenza ndowa kuchokera kunyanja, madzi akutidonthera m'khosi, kudzathirira pakhomo. Ndiye pakhomopo, mwana wanga! Mpanda wa cham'mwamba, m'mbali mwa kanjira chidede chofiira, kuseri kwake therere la maluwa achikasu, tsabola m'mabeseni obooka, maungu atayanga mpaka padenga la khitchini. Azimayi opita kukagula usipa ankaima n'kumayang'ana. Mlendo akati, "Koma maluwa anuwa ndi okongola," agogo ankaseka amvekere, "Khalani pamkeka, muwadya masana ano."

Iwo ankati, "Pakhomo panga chimene mwana wathyola aike m'kamwa." Ifenso tinakula choncho, tikungobudula ngati mbuzi.

Ndiye amalume anga, amene ankasesa kunyumba ina ya azungu kugombe, anabwera ndi kamtengo ka masamba aatali ngati mpeni, maluwa ake ofiirira, okongola ndithu. Agogo anafunsa, "Kodi kamadyedwa?" Amalume akuti, "Amayi, zinazi n'zongoona." Agogo anangomulola. Anali mwana wawo woyamba, sanafune kumuchititsa manyazi. Kanadzalidwa pakati pa chidede pomwepo.

Mlongo wanga Yusufu nthawi imeneyo anali atangoyamba kuyenda. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinangomva akusanza kuseri kwa mpanda. Kupitako, masamba a kamtengo kaja ali m'manja, utomoni woyera ngati mkaka uli pamilomo, thupi lonse lefu. Agogo anamubereka n'kuthamanga naye kuchipatala cha mishoni, mpango unagwa panjira osautola, mayi woti mutu wawo sunaonekepo pagulu. Ine pambuyo ndikulira. Anachira, Alhamdulillah, koma tinali titataya mtima. Pobwera agogo sanamwe ndi madzi omwe, anatenga khasu, kuzula kamtengo kaja, kukakakwirira kutali. Amalume anangoima poteropo atagwira chipewa.

Tsopano lemba apa bwinobwino. Mbande zinali pakhondezo ndathyolako tsamba limodzi. Mkaka uja watuluka. Ndi kamtengo komwe kaja, sindingakaiwale. Ndipo mlongo wako wamng'onoyu, iwe ukudziwa, Rashidi, ndamuzoloweza ndekha kuthyola chidede n'kumatafuna, monga anandilerera agogo. Iye adziwa bwanji kuti ili ndi duwa la bambo ake, longoona?

Uwauze kuti nyumba ndi yawo, anaivutikira, kapinga adzale sindiletsa. Akafuna zofiira chidede chilipo, akafuna zachikasu therere lilipo, tiziika m'mizere mmene akufuniramo. Koma kamtengo aka ayi. Amuimbire munthu wawoyo lero lomwe adzatenge, poti ine ndikamuuza amangoti, "Abwana alamula."

Mbandezo ndazikweza pamwamba pa khola la nkhuku, koma mphepo ya mwera ikuwombayi sindikuikhulupirira. Walemba zonse? Usakonze mawu anga, akhale choncho. Nanga Rashidi ali kuti, wangoti zii bwanji? Ndikamuona ndine. Iwe tumiza pompano.