Belu la Pachipata

Mkulu wa dera lathu mumzinda wa Bukhara amaweruza milandu pakhonde pawo, pansi pa chithunzi cha mfumu yakale yopanga malamulo, imene inapachika belu pachipata kuti woponderezedwa aziliza. Ndevu amazipesa ngati za mfumuyo, ndipo sachedwa kunena kuti, "Wolamula azimva ngakhale kulira kwa nyerere."

Chaka chatha anapachika belu lawolawo. Woyamba kuliza, anthu akuona, anali akazi awo, mayi Sanobar.

"Kwagwanji, mayi?"

"Ndadzasuma, bambo woweruza. Denga likudontha chaka chachitatu, mdzukulu akutsokomola, koma mwini nyumba ali kalikiliki ndi za eni."

Mkuluyo anakanda m'mutu, nagamula kuti wolakwayo akwere padenga tsiku lomwelo. Anakweradi iwo omwe, wosuma atawagwirira makwerero.